Kodi mutu wa masamu timachita kubadwa nawo?

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera imelo, akuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 2 masamu amangolephera pamene mchimwene wake amakhoza osavutika, ndiye akufunsa ngati ndi zobadwa nazo kuti angomusiya. Mayi, chonde musamusiye, funso lanuli landikhudza kwabasi.

Ine ndinayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chomwe pulaimale inakhala yaulere, ana mdziko muno tinachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Tinkakhala pansi mothithikana, aliyense ndi kathumba ka zitsekerero za mabotolo zowerengera, aphunzitsi amodzi ana ankhaninkhani. Nthawi ya mafulakishoni malungo anandigwira, pobwerera anzanga anali atapita patsogolo ndipo palibe anandibwereza. Kufika Sitandade 5 zonse zikuphunzitsidwa m'Chingerezi, mamawa uliwonse masamu apamtima, ukalakwa chikwapu. Aphunzitsi ena anandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti iwe mutu wako si wa masamu, ndipo ndinakhulupirira mpaka ku sekondale, komwe mnzanga wina anandibweza pa theka ndi kota penipeni, zinthu nkuyamba kumveka.

Sindikukana, kusiyana kobadwa nako kulipo. Ofufuza omwe amayerekeza ana amapasa anapeza kuti chibadwa chimathandizirako, koma palibe jini (gene, kachinthu ka m'thupi komwe timatengera kwa makolo) imodzi ya masamu, ndi majini ambirimbiri lililonse kamphamvu kake kochepa. Palinso vuto lotchedwa dyscalculia, mwana wanzeru bwinobwino koma manambala samugwira ngakhale kusiyanitsa 7 ndi 9 kuti yaikulu ndi iti amachedwa. Amenewa ndi ochepa. Ambirife vuto ndi loti masamu amamangana ngati njerwa, mzere umodzi ukasowa zapamwamba zonse zimagwedera. Ndiye pamabwera mantha, ndipo mantha amadya malo omwe ubongo umasungirako manambala uku ukuwerengera, mwana yemwe kunyumba amadziwa yankho mkalasi amangoti kakasi.

Tapitani mumsika wa Zomba muone amayi ogulitsa tomato ndi matemba momwe amabwezera chenji cha K5,000 kwa makasitomala atatu nthawi imodzi opanda kakyuleta, ena mwa iwo anasiyira sukulu panjira atauzidwa kuti ndi mbuli pa masamu. Ine zimenezi zimandipweteka. Nanga zoti masamu ndi a anyamata, bodza lenileni! Maryam Mirzakhani wa ku Iran ali mwana ankafuna kudzakhala mlembi wa mabuku, koma mu 2014 anakhala mzimayi woyamba kulandira Fields Medal, mphoto yapamwamba ya akatswiri a masamu. Ndipo mayi mundikhululukire ndifunse, madzulo mnyamatayo akakhala pa makope, mtsikanayu amakhala kuti? Ngati ali kumjigo kapena akutsuka mbale ndiye kuti ana awiriwa sakuthamanga mpikisano wofanana ayi.

Zoti muchite

Mtsikanayu mufunseni ma times table ndi mafulakishoni a kupulaimale modekha muone pomwe akukakamira, ayambire pamenepo, pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kenako mapepala akale a JCE a MANEB. Mukaonanenso ndi aphunzitsi ake, ndipo pakhomopo asamvenso wina akumuyerekeza ndi mchimwene wake.