"Amuna anga avulala msana, a inshuwalansi akuti tisayine": yankho langa kwa mayi wina

Kalata iyi inandipeza pa imelo sabata yatha, ndipo mwini wake wavomera kuti ndiyiyankhe poyera. Dzina lokha ndabisa. Akuti:

"Miyezi inayi yapitayo lole ya kampani ina inawomba galimoto yomwe amuna anga anakwera. Anathyoka msana, adokotala akuti pa T10 (limodzi la mafupa a msana cha kumunsi kwa nthiti), ndipo kuyambira pamchombo kutsika m'munsi sakumva kanthu. Ine ndinasiya ntchito kuti ndiziwasamalira. Pano a inshuwalansi atiyimbira foni kuti ndalama zilipo, tingopita kukasayina nkhani ithe. Pakhomo zinthu zathina, ndipo loya sitinalankhulepo naye. Kodi tilandire? Nanga tikakana, sititaya zonse?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Yankho langa ndi ili: musasayine pakadali pano. Kukana ndalama zoyamba sikuchotsa ufulu wa bambo wofuna chipepeso. Chomwe chimauchotsa ndi kusayina pepala lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzabweranso. Pepala lotero mukalisayina, khomo latsekeka. Bambo akadzadwala chilonda chofuna opaleshoni zaka zisanu zikubwerazi, palibe amene mudzamugogodere.

Miyezi inayi ndi yochepa kwambiri pa kuvulala kotere. Madokotala akamayeza munthu wovulala mtsempha wamumsana amagwiritsa ntchito muyezo wotchedwa ASIA, womwe umayambira pa A kukafika pa E. A ndiye kuti mauthenga sakudutsa konse kufika kumunsi kwenikweni, pomwe B, C ndi D ndiye kuti china chake chikudutsabe, ndipo E ndiye kuti akumva ndi kuyendetsa ziwalo bwinobwino. Kusintha kwakukulu, ngati kungakhalepo, kumaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo ena amapitirirabe pang'onopang'ono kupyola chaka. Choncho lero palibe amene angawerengere molondola zomwe bambo adzafune moyo wawo wonse. A inshuwalansi izi akuzidziwa bwino. Akudziwanso kuti banja lomwe malipiro aima limalandira msanga.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe mabanja ambiri amaluzira. Timaganiza kuti chipepeso ndi ndalama zachipatala zomwe tawononga kale, kuwonjezapo kangachepe kopukutira misozi. Ayi. Cholinga cha lamulo n'chakuti wovulalayo abwezeredwe, momwe ndalama zingathere, pomwe akanakhala ngoziyo ikanapanda kuchitika. Mbali yayikulu ya ndalamazo ndi ya mawa, osati ya dzulo.

Ine ndinasamalirapo mchimwene wanga atavulala chimodzimodzi, ndipo zomwe ndimakumbukira kwambiri ndi usiku. Alamu ya pafoni ikalira, ndimadzuka, kuwatembenuza, kuika pilo pakati pa maondo, kenako kuunika ndi tochi pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene kuti ndione ngati khungu lasintha mtundu. Pakapita maola awiri kapena atatu, alamu ija yaliranso. Munthu amene sakumva kupweteka sadziwa kuti khungu likufa, ndipo chilonda chogonera chimodzi chikhoza kumugoneka miyezi. Ntchito imeneyi, yomwe ndikudziwa kuti inunso mukuigwira, ili ndi mtengo wake. M'mayiko ambiri makhoti amawerengera chisamaliro chomwe wachibale akupereka ngakhale sakulipidwa. Musanene kuti "ndi amuna anga, ndingawerengere bwanji?" Mukapanda kuwerengera, tsiku lomwe msana wanu udzakane kunyamula munthu, yolipira wina sidzapezeka.

Ndiye werengani zonse. Malipiro omwe bambo ataya ndi omwe akanalandira mpaka kupuma pa ntchito. Njinga ya olumala, osati imodzi yokha, chifukwa imatha ndipo imafuna kusintha pakapita zaka zingapo, pamodzi ndi khushoni yake yapadera. Matiresi oteteza zilonda. Timapaipi ta mkodzo, magolovesi, matewera ndi mankhwala a matenda a m'chikhodzodzo omwe amabwerabwera. Mafizo. Kukuza zitseko, kukonza bafa ndi chimbudzi, kuchotsa masitepe pakhomo. Thiransipoti yopitira kuchipatala, popeza galimoto wamba sakweranso mosavuta. Pamwamba pa izi pali ululu, ndi zokoma za moyo zomwe alandidwa.

Zina mwa izi n'zochititsa manyazi kunena, monga kulephera kudzigwira pa mkodzo ndi chimbudzi, komanso za m'nyumba pakati pa inu ndi bambo. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dokotala wolemba lipoti ndi loya auzeni zonse mosabisa. Chomwe sichinalembedwe, woweruza sachiona.

Pezani kope lero lomwe. Muzilembamo tsiku ndi tsiku: mwawatembenuza kangati, mwagula chiyani, mwapita kuti, anadwala liti. Malisiti onse, ngakhale a thonje, asungeni mu envelopu ndipo muziwajambula pafoni, chifukwa inki yake imafufutika. Sonkhanitsaninso lipoti la apolisi, nambala ya lole, zithunzi za malo a ngozi ngati alipo anajambula, mayina ndi manambala a mboni, makalata a kuchipatala, zithunzi za X-ray kapena MRI, ndi mapepala osonyeza malipiro a bambo. Mboni zimasamuka, zimasintha manambala, zimaiwala. Makamera a m'misewu ndi m'mashopu sasunga zithunzi nthawi yaitali, ndiye ngati analipo pafupi, loya alembe kalata msanga.

Tsono ndikamati musasayine, sindikuti mugone. Zengerezu analinda kwawukwawu. Dziko lililonse lili ndi malire a nthawi yokasumira mlandu wa kuvulala. Ku England ndi zaka 3 kuchokera tsiku la ngozi kapena tsiku lomwe munthu wadziwa za kuvulalako, kwina ndi zaka 2, kwina chaka chimodzi chokha. Ngati wolakwayo ndi nthambi ya boma, nthawi yopereka chidziwitso imatha kufupika kuposa pamenepa. Chowawa n'chakuti kukambirana ndi a inshuwalansi nthawi zambiri sikuimitsa wotchiyi. Mukhoza kumalemberana makalata aulemu mpaka nthawi kutha. Funso loyamba kwa loya likhale lakuti: tsiku lomaliza kusuma ndi liti? Mulilembe pachikuto cha kope lija.

Nanga mlanduwo umayenda bwanji? Pafunika kusonyeza kuti dalaivala anali ndi udindo wosamala ena pamsewu, kuti sanasamale, ndipo kuti kusasamalako ndi komwe kunavulaza bambo. Mlandu wa apolisi ndi wina, wa chipepeso ndi winanso. Wa apolisi umafuna umboni wosasiya chikayiko, pomwe wa chipepeso umangofuna kuti mbali yanu ilemere kuposa inayo. Choncho ngakhale dalaivala atamasulidwa ku mlandu wa apolisi, inu mukhoza kupambanabe. Ndipo popeza lole ndi ya kampani, ngati dalaivalayo anali pa ntchito, olemba ntchito ake nawonso amayankha mlanduwo. Mfundo iyi ndi yofunika kwambiri kwa inu. Inshuwalansi zambiri zili ndi malire a ndalama zomwe zingapereke, ndipo malirewo akhoza kukhala aang'ono poyerekeza ndi kuvulala kwa msana. Zotsalazo zimafunidwa kwa mwini galimoto. Ndiye pepala lomwe akukuitanirani lija likhoza kumasula kampaniyo pamodzi ndi a inshuwalansi, inu osadziwa.

Yembekezerani kuti adzayesa kukankhira bambo mbali ina ya vuto, mwina kuti sanamange lamba. Zikapezeka zoona, m'mayiko ambiri chipepeso chimangochepetsedwa, sichithetsedwa. Pa mlandu wa Froom v Butcher mu 1975, khoti la apilo ku England linati achotse 25 peresenti ngati lamba akanateteza kuvulala konse, kapena 15 peresenti ngati akanangokuchepetsa. Makhoti a mayiko ena amatengerako nzeru imeneyi. Koma si kulikonse komwe amayamba ndi kufufuza wolakwa: ku New Zealand, kuyambira 1974, thumba la boma la ACC limathandiza ovulala pa ngozi posayang'ana kuti walakwa ndani. Mufunse ngati komwe muli kuli thumba lotere, ndiponso ngati bambo anali pa ulendo wa ntchito, chifukwa pamenepo pamatseguka njira ina ya chipepeso cha ogwira ntchito.

Ndikudziwa kuti mukuti, "zonsezi ndamva, koma lero tidya chiyani?" Ndi funso loona. Malamulo a mayiko ambiri amalola kupempha gawo la ndalama mlandu usanathe, makamaka ngati mbali inayo yavomera kulakwa. Kuyimba kwawo foni kukusonyeza kuti akuona kuti ali ndi choyankha. Loya akhoza kuwalembera kuti apereke zina zothandizira pano, ndipo kalatayo inene momveka kuti si zomaliza.

Za loya, musangotenga amene wakupezani yekha m'chipatala ndi malonjezo okoma. Funani amene anagwirapo milandu ya kuvulala kwakukulu, ndipo mumufunse maso ndi maso: mwagwirapo ingati ya msana? Mudzaitana madokotala ati kuti awerengere za m'tsogolo? Mudzatenga zingati, ndipo tikaluza tilipira chiyani? Ena amalandira gawo la chipepeso mukapambana, komwe lamulo limalola zimenezi. Mgwirizano uliwonse ulembedwe, inu musunge pepala lanu la mgwirizanowo, ndipo kalata iliyonse yochokera kwa a inshuwalansi muziiona ndi maso anu. Ngati ndalama ya loya palibe, yambani ku ofesi yopereka thandizo la zamalamulo kwaulere, kapena ku mabungwe a anthu aulumali.

Chinanso, mlanduwu ndi wa bambo. Miyendo ndiyo yaima, mutu ukugwira ntchito. Muziwawerengera makalata onse, ndipo chiganizo chikhale chawo. Anthu ambiri akhala akulankhula pamwamba pa bedi lawo ngati iwo palibe, ndipo zimenezi zimapweteka.

A inshuwalansi akaimbanso, musakangane nawo. Auzeni mwaulemu kuti atumize zomwe akupereka polemba, pamodzi ndi pepala lomwe akufuna musayine, ndipo kuti muyankha loya akaliona. Musavomere kujambulidwa mawu pafoni musanalandire uphungu. Pepalalo likafika, litengeni pamodzi ndi kope lija popita kwa loya, sabata ino ngati n'kotheka. Mundilemberenso mukabwerako, ndipo mundiperekere moni kwa bambo.