Musanaitane munthu kuti agogo kuno ku Italy

Inu amene mwangofika kumene, takulandirani. Za mapepala ndi za nyumba tidzakambirana tsiku lina, lero ndiyambe ndi za pakamwa, poti m'pamene ambiri timapunthwira sabata yoyamba.

Kwathu ulemu umayenda ndi chibale. Mwamuna aliyense wachikulire ndi bambo, wogulitsa tomato pamsika ndi amayi, waimvi ndi agogo. Kuno mawu amenewa ali ndi eni ake. Ine ndinaziphunzira m'nyumba yoyamba imene ndinagwiramo ntchito yosamalira munthu wokalamba, kufupi ndi Firenze. Tsiku loyamba ndinalandira dzanja la mayi wa m'nyumbamo ndi manja awiri n'kunena kuti "Buongiorno, nonna," mumtima ndikuti ndalemekeza agogo. Iwo anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono, anakonza mpango wa m'khosi, n'kundiuza kuti adzukulu awo alipo atatu basi. M'makutu mwawo ndinali nditawauza kuti akalamba, komanso nditadzilowetsa m'banja osaitanidwa. Mawu oyenera anali signora. Mwamuna ndi signore, ndipo mukaphatikiza ndi dzina la makolo ake mumati signor.

Ulemu wawo wagona pa kamawu kakuti Lei, kamene kamagwira ntchito ya "inu" wathu, pamene tu ndi "iwe". Apa tili ndi mwayi, chifukwa kusiyanitsa kumeneku tinayamwira. "Come sta?" ndi "Muli bwanji?", "Come stai?" ndi "Uli bwanji?" Gwiritsitsani Lei mpaka mwini wake anene yekha kuti "diamoci del tu", kutanthauza kuti tizingoitanana iwe. Kum'mwera, monga ku Napoli, mudzamva achikulire akupatsidwa Voi. Chimene chidzakudabwitseni ndi chakuti mwana amati tu kwa bambo ake omubereka, ngakhale kwa agogo. Musamuone ngati wamwano, kwa iwo kumeneko ndiye kukondana.

Ciao musungire anzanu ndi ana. Mawuwa anachokera ku Venezia, kumene kale ankatanthauza kuti "ndine kapolo wanu", koma lero ndi moni wa anthu ozolowerana. Kwa abwana, adokotala kapena apongozi nenani buongiorno, chakumadzulo buonasera, potsanzika arrivederci. Polowa m'nyumba ya eni ali ndi odi wawo: mumaima pakhomo n'kuti "Permesso?", iwo n'kuyankha "Avanti!" Ameneyu yekha sanandivutepo.

Tsono mawu oitanira bambo. Ofala ndi papà, ndipo mawu amakwera kumapeto. Mukakweza poyamba, papa, mwatchula Papa wa ku Vatican. Padre ndi wa m'makalata ndi wonenera za bambo kwa anthu ena, "mio padre", komanso woitanira ansembe ena. Kuno ku Toscana, chigawo chimene muli mzinda wa Firenze, ana amati babbo. Nditangowamva mawuwa mtima unagunda, chifukwa amamveka pafupifupi ngati bambo wathu. Koma samalani nawo mukapita ku Sicilia, kumeneko babbo ndi chitsiru. Dziko lonse limangogwirizana pa Babbo Natale, mkulu wa ndevu zoyera uja wa pa Khirisimasi.

Pamene pamafunika kusamala kwambiri ndi pa achibale. Ife mchimwene wa bambo ndi bambo aang'ono kapena aakulu, mchemwali wa mayi ndi amayi, ndipo ana awo ndi abale athu enieni. Malume ndi azakhali ali ndi malo awoawo. Chitaliyana chimawasonkhanitsa onsewa: amuna ndi zio, akazi ndi zia, ana awo ndi cugino kapena cugina. Fratello ndi sorella ndi okhawo amene munabadwa nawo kwa kholo limodzi. Chonde abale anga, polemba mapepala a boma musalembe mwana wa bambo aang'ono kuti fratello, ngakhale munakulira mphasa imodzi. Mayina akasiyana ndi zimene zili pa zikalata zobadwira, adzakuyesani abodza pamene inu mwanena zoona za kwanu. Genitori ndiwo makolo, parenti ndi achibale onse. Nipote amatanthauza mdzukulu komanso mwana wa m'bale wako, ndiye muzifunsa kuti ndi uti. Apongozi ndi suocero ndi suocera, mlamu ndi cognato kapena cognata.

Masiku awo okumbukira makolo muwadziwenso. La amayi si 15 Okutobala ngati kwathu, ndi Lamulungu lachiwiri la Meyi. La agogo ndi 2 Okutobala. La abambo ndi 19 Malichi, tsiku la Yosefe Woyera, ndipo mawu ake ndi "Auguri, papà" (zabwino zonse, bambo) kapena "Buona festa del papà". Patsikuli ku Napoli amadya zotsekemera zotchedwa zeppole, ku Roma bignè di San Giuseppe, kuno timakazinga frittelle za mpunga, zonga timandasi tating'ono towaza shuga. Ngati m'nyumba imene mukugwira ntchito muli bambo, muwafunire zabwino tsikulo, koma papà kapena babbo muwasiyire ana awo. Inu mungoti "Auguri, signor" n'kutchula dzina lawo, ndipo akakupatsani mbale ya frittelle landirani ndi manja awiri monga tinaleredwera.