Chitseko cha galaja chakana kukwera: ndimvere kampani iti?

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Chalala, mu Lusaka. Chitseko cha galaja yathu ndi chija cha magawomagawo, chotsekula ndi rimoti, ndipo chatha zaka 7. Sabata yatha usiku tinamva phokoso ngati mfuti. Kuchokera pamenepo chimangokwera pang'ono, mota n'kulira, n'kuima. Ndafunsa makampani awiri. Oyamba anabwera, anadina rimoti kawiri, akuti mota yapsa, tigule ina. Achiwiri ndinawapeza pa Facebook, sanafike n'komwe, akuti nditumize kaye theka la ndalama pafoni. Ndikhulupirire ati? (Mayi wa ku Chalala)

Yankho: Amayi, onse awiriwo aimitseni kaye. Mfuti munamva ija ndi sipuling'i yaduka. Yang'anani pamwamba pa chitseko, mkati, pa chitsulo chozungulira chopingasa chija. Sipuling'i yokulungidwa pamenepo muipeza yagawika pawiri, pakati pali mpata woti zala ziwiri kapena zitatu n'kulowa. Mota yakupsa siliranso ngati mmene ikulirira yanuyo. Rimotiyo ibiseni ana asaidine, chifukwa mukapitiriza ndiye mota ipsadi, oyamba aja n'kuoneka ngati aneneri.

Anthu ambiri amaganiza kuti mota ndi imene imanyamula chitseko. Ayi. Wonyamula ndi sipuling'i, mota imangoperekeza. Masipuling'i wamba anapangidwa kuti apirire kutsekula ndi kutseka pafupifupi ka 10,000. Banja lotulutsa ndi kulowetsa galimoto kanayi patsiku limafika pamenepo m'zaka pafupifupi 7, ndiye yanuyo yafa ndi ukalamba, palibe anailodza.

Tsono njira imene ine ndimayezera mmisiri aliyense ndi kachingwe kofiira kaja kolendewera panjanji ya mota. Munthu wodziwa ntchito akafika, asanatchule mtengo wa chilichonse, amatseka chitseko mpaka pansi, n'kukoka kachingweko kuti mota ilekane ndi chitseko. Kenako amachikweza ndi manja mpaka m'chiuno n'kuchisiya. Chikaima chokha pomwepo, masipuling'i ali bwino, tsopano tingayambe kukayikira mota. Chikagwa, sipuling'i yatopa kapena yaduka. Chikathawira m'mwamba chokha, wina anaimanga mopitirira. Chikamakakamira pakati kapena kupendekera mbali imodzi, nkhani ili pa waya, mawilo kapena njanji yopindika. Zonsezi sizitha mphindi ziwiri ndipo sizifuna chida chilichonse. Amene anangodina rimoti n'kuweruza mota aja, mwina sadziwa, mwina akudziwa koma ali ndi mota m'galimoto imene akufuna ichoke. Zonse ziwiri sizikukomerani.

Kachingwe komweko kamagwiranso ntchito pomaliza. Asanalumikizenso mota, muuzeni akweze chitseko ndi dzanja limodzi inu mukuona, achisiye pakati. Musalipire chisanaime chokha. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa pali chinyengo chimene ndachiona kambirimbiri ku Woodlands, ku Ibex Hill, kulikonse kumene kuli magalaja: munthu waika sipuling'i yosayenera, chitseko chikulemerabe, ndiye amangowonjezera mphamvu ya mota kuti izikoka mokakamiza. Mwini nyumba amadina rimoti, chitseko chakwera, amasangalala, amalipira. Patapita miyezi ingapo giya ya mkati mwa mota yadyeka. Choopsa kwambiri, mota yowonjezeredwa mphamvu chonchi simvanso ikagunda chinthu. Ikani thabwa pansi pakati pa khomo, tsekani ndi rimoti. Chitseko chikakhudza thabwa chiyenera kubwerera m'mwamba. Chikalipanikiza n'kumalimbana nalo, dziwani kuti chidzachitanso chimodzimodzi pa boneti kapena pamsana pa mwana.

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kukweza chitsekochi ndi manja sipuling'i itaduka musayese nokha, ngakhale kutuma mnyamata wa pakhomo. Chopanda sipuling'i, chitseko cha galimoto ziwiri chimatha kupitirira makilogalamu 100. Ndipo kachingwe kofiira sakoka chitseko chili m'mwamba sipuling'i itaduka, chimatsika ngati mwala.

Onaninso zida zake. Sipuling'i imamangidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo tokwana ndendende m'mabowo ake. Mukaona wina akutulutsa sikuludiraiva kapena chitsulo cha konkireti chodula pamalo omanga nyumba, mupatseni madzi akumwa abwerere. Zala ndi mano a anthu zathera pamenepo. Wodziwa amayeza kunenepa kwa waya wa sipuling'i yakale, kukula kwa mkati mwake ndi kutalika kwake, n'kuonanso ngati ndi yakumanja kapena yakumanzere. Wongobwera ndi sipuling'i imodzi ya pazitseko zonse ndi uja adzathamangira kuwonjezera mphamvu ya mota. Ngati chitseko chanu chili ndi masipuling'i awiri, sinthani onse. Anabadwa tsiku limodzi, inayo ili m'njira. Ndikudziwa kuti mudzati mmisiri akufuna kukudyerani, koma apa pokha akunena zoona.

Za mapepala sindichedwapo. Kampani ikhale yolembetsa ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ikhale ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku bungwe la misonkho la ZRA, ndi malo oti mungapiteko ndi miyendo. Kotesheni ilembedwe, mtengo wa zida padera, wa ntchito padera, galanti ya miyezi ingati ioneke papepala. Lisiti musaitaye, pakuti mukadzafuna kukadandaula ku CCPC, bungwe loteteza ogula, adzafuna umboni. Dipoziti si tchimo ngati munthu wafika, wayeza, ndipo akukagula sipuling'i ya muyezo wanu. Koma wofuna theka asanaone chitseko akagula chiyani? Zithunzi za pa Facebook aliyense amatha kutola. Funsani aneba amene chitseko chawo chinakonzedwa chaka chatha, osati dzulo.

Zikadzapezeka kuti motayo inavulaladi, musalole kuitaya msanga. Mota za ku South Africa monga Centurion ndi ET zimakhala ndi zida zogulitsidwa pazokha, bolodi ya zamagetsi, giya, batire. Ndipo kuyambira 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi n'kumazima nthawi yaitali, mota zambiri zimene anthu amati zafa ndimapeza kuti ndi batire chabe. Koma mabatire otchipa aja opepuka ngati mkate, olembedwa manambala akuluakulu pambali, musandiitanire. Batire yabwino imalemera chifukwa muli mtovu wokwanira.

Chinanso, poti ndayamba kale kudandaula: lekani kuthira oyilo wakuda wa galimoto m'njanji. Fumbi la mwezi wa Ogasiti mpaka Okutobala likakumana naye limasanduka phala, mawilo n'kuyamba kukwekwereza m'malo mogudubuzika. Njanji imangofuna kupukuta ndi kansalu. Mafuta pang'ono apite pa mahinji, pa mabeyaring'i a mawilo ndi pa sipuling'i.

Ngati galimoto yatsekeredwa mkati ndipo mawa ikufunika, auzeni pafoni pomwepo kuti abwere anthu awiri kapena atatu. Anyamule pamodzi, apanikize njanji ndi zopanira mbali zonse ziwiri chitseko chisatsike, ndipo galimoto ikatuluka achitsitse pang'onopang'ono, chikhale chotseka mpaka sipuling'i yatsopano itafika.