Mafunso Anu: Nyama Imodzi ya ku Karonga, Mayina Atatu

Tinapita ndi ana a sukulu kukaona Malawisaurus ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Karonga. Nditabwerako ndinawerenga kuti poyamba inkatchedwa Gigantosaurus. Kodi ndi nyama ziwiri, kapena akatswiriwo analakwitsa?
*Mphunzitsi, Rumphi*

Ndi nyama imodzi, aphunzitsi: dinosaur, imodzi mwa nyama zakale kwambiri zimene zinatha kalekale. Mafupa ake oyamba anadziwika mu 1924, ndipo Frank Dixey, katswiri wa za miyala wa boma la Nyasaland, anawasonkhanitsa n'kuwatumiza ku South Africa. Kumeneko Sidney Haughton anawafotokoza mu 1928, n'kupatsa nyamayo dzina loti Gigantosaurus dixeyi. Mafupawo anali ochepa, ena oduka. Iye anawayerekeza ndi amene Ajeremani anakumba ku Tendaguru, ku Tanzania, n'kuona ngati ndi mtundu umodzi.

Pamenepo panali mavuto awiri. Loyamba linali la dzina. Lamulo la akatswiri a zanyama limati dzina likaperekedwa ku mtundu umodzi, mtundu wina sungalitengenso, koma Harry Seeley anali atapereka kale dzina la Gigantosaurus ku mafupa ena a ku England mu 1869. N'chifukwa chake nyama ya ku Tendaguru inasinthidwa kukhala Tornieria, ndipo yathuyi inatsatira konko. Vuto lachiwiri ndiye lalikulu: sinali pachibale chapafupi ndi Tornieria. Izi zinaoneka Louis Jacobs ndi anzake, kuphatikizapo Elizabeth Gomani wa kuno kwathu, atakakumbanso ku Mwakasyunguti, m'boma la Karonga, m'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Anapeza mafupa ambiri a msana, a mchira, a miyendo ngakhale a kumutu, ndipo anazindikira kuti ndi ya m'gulu la titanosaur, ma dinosaur a khosi lalitali odya zomera. Mu 1993 anaitcha Malawisaurus, koma anasunga dixeyi polemekeza amene anatola mafupa oyamba. Inakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Haughton tisamudzudzule kwambiri. Munthu amene wapatsidwa mafupa ongokwana m'bokosi sangaone zimene angaone mnzake amene ali ndi theka la nyama.

Kodi anthu oyamba aja ankadziwa bwanji fupa loti liikidwe pati, pomwe nyamazo sanazionepo?
*Wowerenga, Zomba*

Ankayerekeza ndi nyama zamoyo, ndipo nthawi zina ankaphonya. Gideon Mantell, dokotala wa ku Sussex, ku England, anatcha nyama ina Iguanodon mu 1825 ataona kuti mano ake akufanana ndi a buluzi wa iguana. Pa mafupa ake panali lina losongoka, ndipo analiika pamphuno ngati nyanga. Mu 1878, okumba malasha ku Bernissart, ku Belgium, anapeza nyama zomwezi zambirimbiri mamita 322 pansi pa nthaka, mafupa ali chilumikizire. Fupa losongoka lija linapezeka kudzanja: chinali chala chachikulu.

Edward Cope wa ku America anachita zoposa pamenepa. Elasmosaurus, nyama ya m'madzi imene anaitchula mu 1868, ili ndi mafupa a khosi oposa 70. Iye sanayembekezere khosi lotalika chotero, ndiye analiyesa mchira, mutu n'kuuika kunsonga ya mchira weniweni. Joseph Leidy ndi amene anaulula cholakwacho mu 1870.

Zolakwa ziwirizi gwero lake ndi limodzi. Mafupawo anafika kwa katswiri atachotsedwa kale pamalo pake, popanda wojambula mmene anagonera.

Mvula ikakokolola dothi m'zigwembe kwathu kuno timaona miyala yooneka ngati mafupa. Tizitani nayo?
*Mlimi, Karonga*

Choyamba, bambo, musaizule. Yang'anani poduka pake: fupa limakhala ndi timabowo ting'onoting'ono mkati ngati chisa cha njuchi, pomwe mwala wamba umaoneka chimodzimodzi mkati ndi kunja. Jambulani ndi foni, pambali pake mutaikapo ndalama yachitsulo kapena bolopeni kuti kukula kwake kudziwike. Jambulaninso malo onsewo muli chapatali, ikani chizindikiro, kenako dziwitsani amfumu ndi a ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Karonga. Zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo, si zogulitsa.

Tikukuletsani kuzula chifukwa fupa lotere, ngakhale likulemera, mkati limakhala ndi ming'alu yambiri. Dothi ndi limene limaligwira. Mukalinyamula ndi manja limayoyoka, ndipo zidutswazo zikasakanikirana palibe angazibwezere bwinobwino. Musalitsukenso ndi madzi kapena kulimata ndi guluu wa m'golosale, poti guluu ameneyo sachoka.

Akatswiri akafika amayamba ndi kujambula mapu a mafupa onse, lililonse n'kulipatsa nambala. Amasesa pamwamba ndi bulashi, n'kudontheza guluu wopyapyala wotchedwa Paraloid B-72 wosungunulidwa mu mankhwala amadzimadzi otchedwa acetone, pafupifupi magalamu 5 pa mamililita 100, kuti alowe m'ming'alu. Fupalo liyenera kukhala louma. Likakhala lonyowa guluuyo amayera osalowa. Kenako amakumba ngalande kuzungulira, fupa n'kutsala pamwamba pa kachulu ka dothi. Amaliphimba ndi mapepala onyowa, chifukwa pulasitala (ufa woyera umene ukasakanizidwa ndi madzi umauma gwa) akakhudza fupa lenilenilo amamatirira, ndipo pomuchotsa amasenda nalo. Pamwamba pa mapepala amakulunga nsanza za chiguduli zoviikidwa mu pulasitala, mizere itatu kapena inayi, yopingasana, ndipo ngati fupalo ndi lalitali amamangirirapo timitengo. Pulasitala akauma amadula kachulu kaja pansi n'kutembenuza kamodzin'kamodzi. Apa ndi pamene zambiri zimawonongekera: nsanza zikapanda kupindikira mokwanira kunsi, dothi ndi fupa lomwe zimakhuthukira pansi.

Ngakhale fupa litafika kosungira, chinyezi chimatha kuliwononga. Mafupa a ku Bernissart aja anali ndi mwala wa pyrite mkati, umene ukakumana ndi mpweya wachinyontho umafufuma n'kuswa fupa, ndipo lero amasungidwa m'zipinda zagalasi ku Brussels.

Kachidutswa kakang'ono musakapeputse. Karongasaurus, dinosaur imene Gomani anaitchula mu 2005, inadziwika ndi fupa la nsagwada ndi mano basi.