Za browser mwafunsa zija achimwene

Achimwene, mwati Chrome ikumahang'a pa kafoni kanu ka RAM ya 2GB komanso bandulo ikungotha ngati madzi a mu ndowa yobooka, nde mukufuna kudziwa kuti musinthire browser iti. Ine ndinganene kuti musaithamangitse Chrome yo, ingoikani ina yachiwiri pambali, iliyonse izigwira ntchito yake. Pajatu pa mafoni ambiri a Android simungaichotse n'komwe, imangolola disable basi.

Ngati vuto lalikulu ndi bandulo, yambani ndi Opera Mini. Iyi ndi yakalekale, ena tinaiyamba pa timafoni ta mabatani tija, inatuluka cha m'ma 2005 kuchokera ku kampani ya ku Norway. Mmene imagwirira ntchito ndi chonchi, mukatsegula peji siibwera molunjika ku foni yanu, imayamba yadutsa ku makompyuta a Opera, kumeneko amaifinya, zithunzi amazichepetsa, kenako ndi pomwe imafika kwa inu itapepuka. Nchifukwa chake ngakhale muli kumudzi netiweki ili pa E, nkhani za mpira zimatsegukabe. Mukalowa mu settings mupeza data savings, pali High ndi Extreme, eni ake amati Extreme imatha kupulumutsa data mpaka 90%, koma zimenezo zimatengera peji yake, musayembekezere kuti paliponse zikhala choncho. Chrome inalinso ndi kanthu kofanana nako kotchedwa Lite mode koma Google inakachotsa mu 2022, mukamakasaka mu settings mungotaya nthawi.

Koma apa mvetsetsani. Extreme ija pofinya imadulanso zina zimene peji imafunika kuti iyende bwino, nde mabatani ena sadinika, ma form ena satumizika. Mukamalembera ntchito pa intaneti, kulowa ku banki kapena kulipira chinachake, bwererani ku Chrome. Komanso zandalama ine sindikonda kuti zizidutsira kwa munthu wachitatu ngakhale atalonjeza bwanji.

Zikakhala kuti chikukutopetsani ndi ma ads aja ongotulukira paliponse, mukufuna kuwerenga ndime imodzi koma kavidiyo kayamba kale kudzisewera kokha pansi, pamenepo ndiye Brave. Imatseka ma ads yokha osachita kuikamo china chilichonse, ndipo poti mkati mwake ndi Chromium yomweyo imene Chrome inamangidwirapo, mapeji amaoneka chimodzimodzi ndi mmene munazolowera. Ma ads amadya ma MB ambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Chovuta nchakuti si yopepuka ngati Opera Mini, pa 2GB musamatsegule ma tab 20 nthawi imodzi. Ilinso ndi za crypto zake zotchedwa Rewards, zimenezo ingozimitsani. Firefox nayo ndi yabwino, pa Android imalola kuikamo uBlock Origin yotsekera ma ads, koma imafuna munthu wokonda kugwiragwira ma settings.

Ine ndinapsapo ndi ka browser kena kamene kanabwera kale mu foni pogula, dzina sinditchula, kamanditumizira ma notification a miseche ya anthu otchuka mpaka 2 koloko usiku, batire kumangotsika. Nde iliyonse mungasankhe, tsiku loyamba lomwelo zimitsani notifications ndi news feed ya pa tsamba loyamba ija, ngakhale pa Opera Mini pomwe.

Dawunilodani pa Play Store pokha, osati APK (fayilo yoikira app mu foni) yopatsana pa Xender kapena ya mu gulu la WhatsApp, simudziwa kuti wina anaikamo chani. Ndipo bandulo ya WhatsApp kapena Facebook sitsegula mapeji ena pa browser, pamafunika ya intaneti yeniyeni, musadzati app ndi yakufa pomwe vuto ndi bandulo.

Musanasamuke yang'anani kaye mapasiwedi anu mu Chrome pa Password Manager, ambirife sitiwakumbukira chifukwa foni imatilembera yokha. Mukaikonda yatsopanoyo pitani ku Settings, Apps, Default apps, musankhe pa Browser app kuti ma link a pa WhatsApp azitsegukira mmenemo. Iyeseni sabata imodzi kenako muone pa Data usage kuti yadya ma MB angati poyerekeza ndi Chrome, mudzatiuzeko kuti zayenda bwanji.