Funsani Dokotala: Ndinasiya kondowole chifukwa cha shuga, koma ndikumanjenjemera pa nyanja

Funso: Adokotala, ndine msodzi wa ku Chia, ndili ndi zaka 54. Anandipeza ndi matenda a shuga ndipo ndimamwa metformin ndi glibenclamide. Anzanga anandiuza kuti kondowole ndi poizoni kwa munthu wa shuga, ndiye ndinasiyiratu. Ndikumalowa m'madzi nditangomwa tiyi wopanda shuga. Tsopano pokoka ukonde ndimanjenjemera, thukuta lozizira kuti nyekhethe, maso mdima. Kodi shuga wakwera?

Yankho: Bambo, zimene mukufotokozazi zikuoneka kuti shuga akutsika kwambiri, ndipo zikundidetsa nkhawa chifukwa zikukuchitikirani muli m'bwato. Munthu akakomoka pa mtunda timamunyamula. Akakomoka pakati pa nyanja, amene amamulandira ndi madzi.

Mapiritsi anu awiriwo sagwira ntchito mofanana. Metformin payekha kawirikawiri satsitsa shuga mopyola muyezo. Glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulin, yemwe amatsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye. Ndiye inu mwameza piritsi, m'mimba mulibe kanthu, kenako mukupalasa ndi kukoka ukonde, ntchito yotentha shuga ngati moto wa mapesi. Shuga akatsika pansi pa 70 mg/dL pa makina oyezera shuga (makina ena amalemba 3.9 mmol/L), thupi limalira ndi zizindikiro zomwe mwatchulazo. Ena amayamba kulusa kapena kulankhula zosamveka, anzawo n'kumati aledzera.

Zikakuyambani, siyani chopalasira. Sungunulani masupuni atiyi 3 a shuga m'madzi mumwe, kapena imwani theka la botolo la Fanta. Pakatha mphindi 15 musanapeze bwino, bwerezani, kenako idyani chakudya chokhala m'mimba, chifukwa mphamvu ya glibenclamide imatenga maola ambiri ndipo shuga akhoza kugwanso. Mangani shuga m'kajumbo, kazikhala m'thumba la malaya, osati pansi pa maukonde. Auzeninso amene mumakwera nawo bwato. Mukakomoka asakuthireni chakumwa m'kamwa, mungatsamwe. Akugonekeni cham'mbali, apake shuga m'kati mwa tsaya, athamangire nanu kuchipatala.

Tibwere ku kondowole. Anzanuwo ananena zoona pang'ono: ufa wa chinangwa ndi sitachi pafupifupi wokhawokha ndipo umakweza shuga msanga, monganso nsima ya ufa woyera ndi mpunga. Koma kuuza munthu wa ku Nkhotakota kuti asiye kondowole osamuuza chodya m'malo mwake ndi kumutuma ku njala. Nkhani yagona pa kuchuluka kwake. Idyani mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu, osati itatu. Ngati mgaiwa ukupezeka, uzilowa m'malo masiku ena, kapena mayi akunyumba azisakaniza ufawo pophika. Theka la mbale likhale masamba: chigwada, bonongwe, nkhwani, therere. Pa ndiwo ya nsomba inu ndinu odala, usipa kapena utaka wowiritsa ndi tomato sukweza shuga, bola mafuta ndi mchere zichepe. Zoti musiye ndi thobwa lothira shuga, Sobo ngati chakumwa cha tsiku ndi tsiku, ndi kutafuna nzimbe. Kachasu ndiye ayi ndithu, amagwetsa shuga usiku munthu ali m'tulo.

Musadikire tsiku lanu la sikelo. Pitani sabata ino ku kiliniki ya shuga pa chipatala cha boma cha Nkhotakota ndi buku lanu la chipatala, mukanene maola amene mumagwira ntchito ndi kangati mwanjenjemera. Akhoza kuchepetsa glibenclamide kapena kusintha nthawi yomwera. Pakali pano musamwe piritsi limeneli ngati simudya.

Komanso, poti mumakhala pa mchenga wotentha: shuga amapha mitsempha ya kumapazi, munga wa nsomba n'kukubayani osamva. Madzulo aliwonse yang'anani kuphazi ndi pakati pa zala, ndipo muzivala nsapato.

Funso: Mayi anga ku Dwangwa amabaya insulin koma tilibe fuliji. Kutentha kwa Okutobala sikuononga mankhwalawa?

Yankho: Kungaononge ndithu. Insulin amachepa mphamvu akakhala potentha kuposa madigiri 30. Pezani mitsuko iwiri ya dothi, waung'ono ulowe mu waukulu, pakati pake muthire mchenga wonyowa. Kabotolo ka insulin mukakulunge m'pulasitiki kuti chizindikiro chake chisafufutike, muike mu mtsuko wam'kati, muvundikire ndi kansalu konyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Mchengawo muziuwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Lembani tsiku lomwe mwatsegula kabotolo, ndipo pakatha milungu 4 funsani kuchipatala ngati kakadali koyenera. Mukaona timibulu m'kati kapena mtundu wasintha, musawabaye nako, kabwezeni akakupatseni kena.