Munda wadzaza kaufiti: ndidzalemo mitengo yanji?

Bambo wina wa ku Ntcheu wandilembera imelo. Akuti munda umene makolo anawasiyira unaguga, chimanga chimangofika m'chiuno, kaufiti ali ponseponse. Akufunsa ngati kudzala bulugama kungaubwezeretse, poti amakula msanga.

Bambo, bulugama ayi. Ndi mtengo wochokera ku Australia, wabwino pa milimo ndi nkhuni, koma umamwa madzi kwambiri ndipo chimanga cha pafupi nawo chimafooka. Ngati mukuufuna, upatseni malo akeake kutali ndi mizere.

Musanagule mbande iliyonse, yendani m'mundamo muone zitsa. Zambiri mwa zitsa zimene timazisadza chaka ndi chaka n'zamoyo, mizu yake ili pansi kale. Pa chitsa cha chitimbe kapena mthethe sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zinazo dulani. Zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu chifukwa sizikuyamba kufunafuna madzi. Njira imeneyi ndi imene inabwezeretsa mitengo m'minda yambiri ku Niger kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo siifuna ndalama.

Pa nthaka yeniyeniyo, ine ndingayambe ndi jelejele. Ndi mtengo wa kwathu kuno, umakula mofulumira, ndipo mizu yake ili ndi timatuza timene timakola nayitrojeni wa mumpweya (chakudya cha mbewu chimene chimapezekanso mu feteleza), monga zimachitira nyemba. Akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anauyesa kwa zaka zambiri ndi alimi a ku Chipata ku Zambia. Mumadzala motalikana pafupifupi mita imodzi, n'kugoneka mundawo zaka ziwiri kapena zitatu. Kenako mumadula, mitengo n'kukhala nkhuni, masamba n'kukwirira. Kaufiti amachepanso, poti amakonda nthaka yosauka. Vuto lake n'lodziwikiratu: ndani angagoneke munda wonse ana akudikira nsima? Ndiye dulani chigawo, mwina kotala, chinacho muzilima chimanga chosakaniza ndi nandolo. Chenjezo limodzi: jelejele amasunga tinyongolotsi towononga mizu, choncho musatsatizepo fodya kapena tomato.

Nanga msangu? Udzaleni, koma musaudikire chaka chamawa. Zaka zoyamba umakhala ngati waima, pamene ukutumiza muzu pansi. Ubwino wake umabwera mochedwa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kupeza dzuwa ndi manyowa, ndipo umaphukira m'chilimwe. Amene anadutsako ku Salima aona chimanga chobiriwira pansi pa misangu pomwe chapambali chili chachikasu. Njere zake n'zolimba, ndiye muzikande pang'ono kumbali musanafese, ndipo mbande zisakhalitse m'machubu muzu ungapindike. Mamita 10 pakati pa mtengo ndi unzake ndi okwanira.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma inu musafike nazo mu Malichi. Dzalani mvula ikangokhazikika. Ndipo chimene chimapha mitengo yambiri m'midzi si chilala. Ndi mbuzi zimene zimamasulidwa anthu akakolola, ndi moto wa anyamata osaka mbewa. Lambulani m'mbali mwa chigawocho udzu usanaumitsitse, tchingirani mbande iliyonse ndi minga, ndipo kakambiraneni ndi amfumu za ziweto za anansi anu musanakumbe dzenje ngakhale limodzi.